Injini Imene Ndinaitontholetsa

Pikapu ya bambo anga inali yakale kuposa ine, ndipo ku Chibavi anthu ankaidziwa ndi kulira kwake. Inkayamba kumveka isanaoneke, tiki-tiki-tiki, ngati makina osokera, kenako ndi pamene inkatulukira pakona, yobiriwira mofuwa, matope ali m'mbali monse. Amayi anali telala, ndipo ankakonda kunena kuti pakhomo pathu pali makina osokera awiri, koma amene amabweretsa ndiwo ndi amodzi okha. Bambo ankaseka mpaka kutsokomola, n'kuyankha kuti enawo ndi amene anabweretsa telalayo ku Mzuzu. Zinalidi zoona. Atangokwatirana, anakawatenga amayi kumudzi ku Nkhata Bay pa pikapu yomweyo, makina awo osokera atamangidwa ndi chingwe kumbuyo.

Bambo anali makaniko moyo wawo wonse, koma ine sanandiphunzitse ngakhale kumasula nati imodzi. Loweruka m'mawa akatsegula boneti, ine n'kusendera pafupi, ankandithamangitsa ngati nkhuku yofuna kujompha ufa. "Iwe, manja ako ndi a cholembera. Girisi utisiyire ife osaphunzira. Kawerenge!" Kwathu sukulu inali ngati chipembedzo chachiwiri. Bambo analekezera pulayimale, ndipo zinkawapweteka mumtima ngakhale sankanena. Tsiku limene ndinalandira digiri anavala jekete kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngakhale pokatunga madzi. Ndinakhala mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, munthu wokhulupirira kuti chilichonse cholondola chinalembedwa penapake.

Atakalamba, manja awo anayamba kunjenjemera. Sipanala inkagwa, kapu ya tiyi inkatayikira. Pikapu anaikweza pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo inakhala pamenepo zaka zingapo, nkhuku zikuikira mazira pampando. Amayi anamwalira m'nyengo ya mvula, pikapu ili pa njerwa pomwepo. Maliro anapita kumudzi pa lole ya mkulu wina wa kumpingo. Pobwerera kumanda, bambo anandiuza mawu amodzi okha: "Ndinabwera nawo ku Mzuzu pa galimoto yanga. Abwerera pa galimoto ya eni." Sanalire pamene ankanena, koma ine ndinalira.

Chaka chitatha, azakhali anga, mlongo wawo wa bambo amene timawatchula kuti ankhazi, anatumiza uthenga kuti tsiku lovundukula chiliza cha amayi lakhazikitsidwa. Linali Loweruka lina kumapeto kwa nyengo yozizira, ndipo abale ochokera kutali anali atauzidwa kale. Mwala wolembapo dzina tinaupangitsa m'tauni momwemo. Ndinkaganiza zobwereka galimoto ya mnzanga, koma bambo anakana ndisanamalize kulankhula.

"Mwala uwu upita pa pikapu," anatero. "Paja ndinawalakwira kamodzi. Kachiwiri ayi."

Panatsala milungu isanu ndi umodzi, ndipo sukulu zinali zitatsekera. Ndinati ndiikonza ndekha. Kunena zoona, mumtima ndinkasangalala. Boneti imene anandikaniza ubwana wanga wonse tsopano inali yanga. Ndinasakasaka kwa ogulitsa mabuku akale mpaka ndinapeza buku la galimoto za mtundu umenewo, masamba ake achikasu, lonunkha nkhungu. Ndinagulanso filageji, kachida ka timasamba tachitsulo topyapyala, kalikonse kolembedwa nambala yake, koyezera timipata ting'onoting'ono. Batire latsopano, oyilo, matayala ogwirako kale ntchito, kutsuka thanki ya petulo. Tsiku lachinayi injini inatsokomola, inatulutsa utsi wodzaza bwalo lonse, kenako inalira. Tiki-tiki-tiki. Bambo anali atakhala pampando wapulasitiki, atavala chikhoti chawo chakuda, akumvetsera.

Koma ine kulirako sikunandisangalatse. Buku linkanena momveka kuti injini yolira chotero ndiye kuti matapeti ake ndi otayirira. Ndifotokoze pang'ono. M'mutu mwa injini muli mavalavu, timakomo timene timatseguka kuti petulo alowe ndi kuti utsi utuluke. Pamwamba pa valavu iliyonse pali kachitsulo kamene kamaikankha, ndipo pakati pa ziwirizi pamayenera kukhala kampata kakang'ono. Kampata kameneko ndi kamene amakaniko amati tapeti. Kakakula, zitsulo zimagogodana, n'kumamveka tiki-tiki. Ndinatsegula chivundikiro, ndinayeza ndi filageji yanga, ndipo ndinapeza kuti mipata yonse isanu ndi itatu inali yaikulu kuposa nambala ya m'buku. Ndinamva kukoma ngati mphunzitsi amene wagwira cholakwa m'kope la mwana wanzeru.

"Adada, matapeti awa ngotayirira onse," ndinatero. "N'chifukwa chake yakhala ikusokosera zaka zonsezi."

Bambo anandiyang'ana, dzanja lamanja lili m'thumba la chikhoti. "Buku likuti choncho?"

"Eya. Taonani nambala iyi."

Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, ngakhale ndikudziwa kuti popanda magalasi sankaona kanthu. "Basi," anatero. "Buku ndi buku."

Ndinamanga onse monga mwa buku. Nditaliza injini, inali zii, kungomveka kamphepo chabe. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati tagula galimoto ina. Ndinayenda mothimbwidzika tsiku lonse. Bambo sananene kanthu, ndipo ine ndinkati akusowa chonena chifukwa chogoma.

M'mawa mwake ndinaiyesa pamsewu wa ku Nkhata Bay. M'tauni inayenda bwino zedi. Koma nditafika ku Msongwe, injini itatentha, mphamvu zinayamba kutha. Ndikaponda mafuta inkangoti phu, phu, kuphulika kumpope wa utsi ngati mfuti, kenako inazima. Ndinaikankhira m'mbali mwa msewu, a njinga zonyamula anthu akundidutsa n'kumandifunsa ngati ndikufuna andikweze pamodzi ndi galimotoyo. Patatha theka la ola, itazizira, inalira ngati palibe chimene chachitika, ndipo ndinabwerera kunyumba.

Apa ndi pamene ndinayamba kuimba mlandu chilichonse kupatula ine mwini. Ndinamasula kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ndinaitsuka kawiri. Ndinasintha mapulagi, toyatsira moto mu injini. Ndinati petulo wa masiku ano ngwamadzi. Ndinasintha koyilo yotumiza magetsi ku mapulagi, ndinasintha mawaya. Ndikakonza chimodzi, ndinkanyamuka ndi chikhulupiriro chonse, ndipo ulendo uliwonse unkathera ku Msongwe, pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi amene anafika pondisungira pokhala. Ndinkabwerera madzulo kamvula kowaza ka ku Mzuzu kakundinyowetsa, girisi mpaka m'makutu. Bambo ndinkawapeza pampando pomwe paja, dzanja m'thumba.

"Yafika pati lero?"

"Pa Msongwe pomwepo."

"Hmm."

Mlungu wachinayi, injini inayamba kutsimphina ngakhale ili yozizira. Ndikazula waya wa pulagi yachitatu, kulira sikunkasintha, kusonyeza kuti silinda yake, chimodzi mwa zipinda zinayi zoyakiramo petulo, yafa. Ndinachotsa mutu wonse wa injini, ntchito imene inanditengera masiku awiri ndi khungu la zala zitatu. Valavu yotulutsa utsi ya silinda yachitatu inali itapsa, m'mphepete mwake mutadyeka ngati mwaluma khoswe. Ndinawaonetsa bambo. Anaitembenuza m'manja mwawo monjenjemera, anaisisita ndi chala, anatsegula pakamwa, kenako anatsekanso.

"Yakalamba," ine ndinawayankhira. "Chitsulo chimatopa."

Ndinapeza valavu ina kwa ogulitsa zipangizo zakale kumsika. Ndinaipera pamalo pake ndi phala lopelera, kupekesa kamtengo pakati pa zikhatho mpaka matuza. Ndinabwezera mutu wa injini ndi gasiketi yatsopano yotseka mpata wa pansi pake. Ndipo matapeti ndinawamanganso monga mwa buku, mosamala kuposa poyamba, kuyeza kawirikawiri. Lolemba la mlungu womaliza ndinanyamuka. Ku Msongwe, phu, phu. Ulendo uno sindinaikakamize, ndinazimitsa msanga. Mayi wa nthochi uja sanandiseke n'komwe, anangondipatsa nthochi imodzi.

Nditafika kunyumba mtima unali utandipsa, ndipo ndinalankhula zimene ndimachita nazo manyazi mpaka lero. "Adada, chigalimoto ichi chinatha kalekale. Ndachita zonse zimene zinalembedwa. Amama sakaona kuti mwala wabwera pa chiyani. Tibwereke lole, tisachite manyazi pamaso pa anthu."

Bambo anadzuka pang'onopang'ono, ananyamula mpando wawo n'kulowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanadye.

Lachiwiri m'mawa ndinapita ku Chiputula kwa mnzawo wakale wa bambo, mdala amene anagwira naye ntchito m'galaja imodzi kwa zaka zambiri. Ife tinakula tikumutchula kuti asibweni, ngati malume athu enieni. Cholinga changa chinali choti akawanyengerere bambo kuti avomere lole. Ndinawapeza akumwaza chimanga cha nkhunda zawo.

"Mwawuka uli, asibweni?"

"Tawuka makora, aphunzitsi. Manja anuwo bwanji? Mwayamba kuwotcha makala?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa batire mpaka pa valavu yopsa. Ankamvetsera akugwedeza mutu. Nditafika pa matapeti, anasiya kumwaza chimanga.

"Wati unamanga ndi chiyani?"

"Ndi filageji, monga mwa buku."

"Buku la galimoto iti?"

"La pikapu yomweyo."

Anaseka mpaka nkhunda zinauluka. "Mwana wane, m'bukumo muli injini imene inatuluka ku fakitale. Injini imeneyo inafa iwe uli kumbuyo kwa amama ako. Ili m'pikapumo ndi injini ya adada ako. Tinaipanga awiri, ine ndi iwo."

Anandikhazika pa benchi n'kundiuza zimene sindinkazidziwa. Kalekale injiniyo inatentha kwambiri pokwera mapiri a ku Chiweta, mutu wake n'kupindika. Anaupala pa makina kuti uwongoke, ndipo patapita zaka anaupalanso. Kamushafuti, mtanda wa mabampu umene umakankha mavalavu, inadyeka, ndipo yatsopano kunalibe. Anazula ya injini ina pa galimoto yophwasuka, ya mabampu aatali, n'kuisula kuti ikwane. Pikapu inapeza mphamvu zokwera mapiri itanyamula katundu, koma inayamba kudya mavalavu. Anapsereza atatu asanadziwe chifukwa chake.

"Chitsulo chikatentha chimatalika, si iwe umaphunzitsa ana zimenezo?" anatero. "Injini imene ija imafuna mpata waukulu. Ukaimanga monga mwa buku, ikatentha kampata kaja kamatheratu, valavu siitsekanso bwino. Mphamvu zimathawira pomwepo, moto n'kumadutsa m'mphepete, valavu n'kupsa. Tapeti yolira siipha injini, mwana wane. Uziopa yachete."

Ndinayang'ana matuza a m'zikhatho zanga.

"Nanga kachitsulo ka adada ako kali kuti?" anafunsa.

"Kachitsulo kanji?"

"Iii! Sanakuonetse? Kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo. Anakapala ndi tupa mlungu wathunthu, kuyesa, kupala, kuyesa, mpaka injini inavomera. Mbali yopyapyala ndi ya mavalavu olowetsa, yochindikala ndi ya otulutsa utsi. Nambala yake palibe amaidziwa, ngakhale iwo eni. Pita ukawafunse. Safunsa anadya phula."

"Yewo chomene, asibweni."

Za lole sindinatchulenso. Ndinayenda wapansi kuchokera ku Chiputula mpaka kwathu, ndipo njira yonse ndinkaona dzanja lija lili m'thumba la chikhoti.

Ndinawapeza bambo akuwothera dzuwa pakhonde. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, zimene ndinali ndisanachite chikhalire mphunzitsi.

"Adada, ndachokera kwa asibweni. Kachitsulo kali kuti?"

Sanadabwe. Anatulutsa dzanja m'thumba, ndipo munali kansalu kopindapinda, kotsala pa chitenje china chimene amayi anasoka kale. Anakafunyulula movutikira. Kachitsuloko kanali kotalika ngati chala, kosalala, kowala chifukwa chogwiridwagwiridwa, mano a sowo akuonekabe pang'ono mbali imodzi. Kanali m'thumba mwawo milungu yonse ija, pamene ine ndinkatsuka kabuleta, pamene ndinkanyowa ku Msongwe, pamene ankatembenuza valavu yopsa m'manja.

"Bwanji simunanene, adada? Milungu isanu!" Mawu anga anakwera, chifukwa ndinali wokwiya komanso wamanyazi nthawi imodzi.

Anayang'ana kachitsuloko, osati ine. "Ndinakutumiza kusukulu kuti usadzayeze zinthu ndi chidutswa cha sowo. Tsono wabwera ndi buku, ndi chida cha manambala, mwana wanga wa digiri. Ine ndikutsutse ndi ichi? Ndinkati mwina ndife tinkalakwitsa zaka zonsezi. Mwina buku likudziwa zimene ife sitinkadziwa."

"Ngakhale valavu itapsa?"

"Pamenepo ndinafuna kunena. Koma unali utayankha kale."

Sindinamvepo chisoni chotere. Munthu amene anayendetsa injini imeneyo zaka zoposa zanga ndi makutu ndi zala zake anali wokonzeka kuti mwala wa mkazi wake upite pa lole ya eni, kusiyana ndi kuti achepetse sukulu imene anandilipirira. Ndipo ine, ndi sukulu yangayo, sindinawafunse ngakhale kamodzi kuti, adada, inu munkatani?

"Mundiphunzitse," ndinatero.

"Mawa m'mamawa," anayankha. "Imafuna ili yozizira ngati mwala."

Lachitatu tinadzuka nkhungu ikadali pamadenga. Ku Mzuzu nyengo imeneyo chitsulo chimaluma zala. Ndinatsegula chivundikiro, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga bambo anaima pambali panga pa boneti osandithamangitsa. Manja awo sakanatha kugwira sipanala, choncho ine ndinkamasula nati ndi kupotoza sikulu, iwo atasanjika dzanja lawo pa langa pamene ndinkalowetsa kachitsulo mumpata. Dzanjalo linkanjenjemera, koma linkamva zonse.

"Wathina. Bweza pang'ono. Ayi, wapitirira. Kazikakoka kakugwira pang'ono, monga amama ako ankasololera ulusi pansalu. Apo! Manga, usagwedeze."

Tinachita choncho kasanu ndi katatu, ine ndikuzungulitsa injini ndi dzanja, iwo akundiuza valavu yotsatira osayang'ana n'komwe. Anandikalipira kawiri, ananditchula kuti wamanja a phala, ndipo ndinasangalala ndi kukalipako kuposa mmene ndinasangalalira ndi digiri. Nkhawa yathu inali yoti mwina valavu yatsopano ija yapsanso. Bambo anandiuza kuti ndichotse pulagi yachitatu, anatseka bowo ndi chala chachikulu, ine n'kupukusa injini. Mpweya unakankha chalacho kuti pfu. "Ili moyo," anatero. "Unachita bwino kuzimitsa msanga."

Nditaliza, tiki-tiki-tiki inabwerera. Mayi woyandikana nafe uja anakuwa ali kuseri kwa mpanda kuti, "Yabwera yathu ija!" Lachinayi ndinadutsa Msongwe, ndinaimbira hutala mayi wa nthochi, ndinatsetsereka mtunda wautali n'kukweranso, injini ili yotentha, mphamvu zili zonse.

Loweruka tinanyamuka kutangocha. Mwala tinaugoneka pa matiresi akale, matayala awiri m'mbali, n'kumanga ndi chingwe pamalo pomwe paja panamangidwa makina osokera. Bambo anavala jekete lija la tsiku la digiri, limene tsopano linkawakulira m'mapewa. Tikuyandikira Msongwe tonse makutu athu anali ku injini. Titadutsa, bambo anapumira m'mwamba, anatsitsa galasi ngakhale kunkazizira, n'kutsamira kuti azimva bwino. M'mapiri ankandiuza giya yoti ndilowetse, ndipo ine ndinkamvera ngati mwana wa sitandade wani.

Bambo anamwalira patapita zaka ziwiri, ndipo anapita kumudzi pa pikapu yawo. Kachitsulo kali ndi ine, m'kansalu komwe kaja. Ndikhoza kukayeza kusukulu ndi zida za mu labotale n'kulemba nambala yake, koma sindinatero, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatero. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mmene tinafikira tsiku lija.

Manda a kwathu ali pafupi ndi kamsewu kafumbi, pansi pa mitengo ikuluikulu. Anthu anali atasonkhana kale, amayi a kumpingo atavala zoyera, akuimba. Ankhazi anatiuza pambuyo pake kuti anaimva tisanaoneke, ndipo, ponena za bambo, anauza anthu kuti, "Alongosi afika." Ndinaimika pikapu pafupi ndi manda mmene ndikanathera, amuna anayi n'kubwera kudzatsitsa mwala. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse injini, koma bambo anandigwira pamkono.

"Usazime kaye," anatero. "Amama ako amve kuti tabwera pa yathu."

Ndinachotsa dzanja pa kiyi. Amuna aja ananyamula mwala, amayi akuimba, bambo akutsatira pambuyo pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Ine ndinatsala pachiwongolero, misozi ikutsika, pikapu ikusoka tiki-tiki-tiki pambali pa manda a amayi.